Diso Lakumanzere

Galimoto yanga ndi Toyota Sienta ya 2008, imodzi mwa zija zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe zitatopa kale ndi misewu ya ku Japan. Pakati pa sabata imandiperekeza kuntchito. Loweruka ndi Lamlungu imanyamula anthu pakati pa Limbe ndi Bvumbwe kuti idzipezere yokha ndalama ya mafuta. Ku Bvumbweko n'komwe kumakhala mayi anga.

Mvula ya namondwe wa Freddy itadutsa, mu Malichi 2023, ndinaona kuti m'nyali yakumanzere mwalowa madzi. Sanali ambiri: kadziwe pansi, ndi timadontho tomwe tinkakwera pagalasi dzuwa likatentha, n'kutsikanso madzulo. Masiku amenewo anthu anali akufukula matope ku Chilobwe kufunafuna abale awo, ndiye sukanatsegula pakamwa kudandaula za nyali. Ndinangozisiya. Babu linapsa, ndinagula lina. Linapsanso. Pamene ndinkaganiza zokagula nyali ina yathunthu, mu Novembala chaka chomwecho, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mtengo womwe anandiuza ogulitsa zipangizo zakale ku Limbe unali woti munthu umangoseka n'kutembenuka.

Amene anabwera ndi nzeru ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata yemwe anali atangomaliza Fomu 4 ndipo ankakhala nafe ku Bangwe podikira zotsatira. “Ankolo, nyali imatseguka iyi,” anatero, akundionetsa kanema wa pa YouTube. Mzungu wina anali akulowetsa nyali ya galimoto mu uvuni ngati akuphika keke. Ndinaseka. Koma ndinaonera mpaka kumapeto, ndipo usiku womwewo ndinaoneranso ndili ndekha.

Zomwe ndinaphunzira n'zakuti chomwe timachitcha galasi la nyali si galasi ayi. Ndi pulasitiki yolimba, polycarbonate, ndipo n'chifukwa chake imasanduka yachikasu ikapsa ndi dzuwa kwa zaka. Imamatidwa ku chigoba chakuda chakumbuyo ndi phula lotchedwa butyl, lomwe siliuma gwaa ngati guluu. Likazizira limagwira, likatenthedwa limafewa n'kumatamuka ngati chingamu. Anzathu okhala ndi uvuni amaika nyaliyo pa madigiri 100 kapena kupitirira pang'ono kwa mphindi ngati khumi. Ife uvuni tinalibe. Tinali ndi mbaula, koma ngakhale mnyamatayo, amene saopa kanthu, anavomereza kuti mbaula ndi pulasitiki sizionana.

Tinatenga katoni yaikulu, n'kuboola kabowo pambali, n'kulowetsamo mlomo wa chowumitsira tsitsi cha ku saluni ya akazi anga. Sitinawapemphe. Anatipeza titazinga katoniyo pakhonde ngati anthu odikira nkhuku kuti iikire.

“Bambo a kunyumba, chimenecho n'chimene chimagula ndiwo pakhomo pano. Chikapsa mundiuze komwe mukachitenge.”

Sichinapse. Patatha pafupifupi theka la ola nyali inatentha moti sitikanaigwira popanda nsanza. Tinachotsa tisikuluu, n'kukweza timano tomwe timagwira m'mbali, ine n'kulowetsa sikuludiraiva pakona. Poyamba sichinasunthe chilichonse. Kenaka phula linayamba kulekana, likukoka ulusi wakuda wautali ngati therere, ndipo mnyamata ankaudula ndi mpeni kuti usagwere mkati. Kadzino kamodzi kanathyoka chifukwa ndinakakamiza mbali yomwe inali itazizira kale. Apa ndinadziwa kuti phula silimva mphamvu. Likauma umabwezera m'katoni n'kudikira.

Mkati mwa nyali muli zinthu ziwiri zonyezimira, ndipo kwa munthu wosadziwa zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Choyamba ndi chimango chozungulira, chomwe ntchito yake ndi kubisa mawaya ndi mipata basi. Chachiwiri ndi mbale yomwe babu limakhala pakati pake. Chimango chathu chinali chitasupuka ndi madzi, chili mawangamawanga ngati msana wa nalimata. Mnyamata anapempha kuti tichipake penti yakuda, monga amachitira anyamata a magalimoto otsitsa pansi. Ndinavomera. Chimango sichiunikira msewu, ndiye mtundu wake si nkhani. Anachipala ndi sandipepa wosalala, anachitsuka ndi sopo, n'kuchipopera kuseri kwa nyumba, kaŵirikaŵiri koma mopyapyala, monga ananenera mzungu uja. Ntchito yake inali yabwino, ndisamunamizire.

Amene anaononga zinthu ndi ine. Mbale ija inali ndi zipsera zoyera za madzi, ndipo dzanja langa, lomwe linakulira kukwecha mapoto a mayi, silinapirire. Ndinatenga kansalu, ndinakanyowetsa ndi sipiriti, n'kupukuta. Kamodzi, kawiri. Nditayang'ana pansalupo panali potuwa. Kunyezimira kuja si chitsulo chochindikala: ndi aluminiyamu wothiridwa ngati nthunzi pamwamba pa pulasitiki, wopyapyala kuposa mpweya womwe umatsala pagalasi ukalipumira. Pomwe ndinapukuta panatsala chigamba chakuda bii, chachikulu ngati zala zitatu, chakumtunda kwa babu. Ndinayang'ana mnyamata. Anali kuseri ndi penti yake. Sindinamuuze.

Cholakwa chachiwiri chinali changu. Linali Lachisanu, ndipo galimoto inkafunika pamsewu m'mawa mwake. Penti inali itauma pokhudza ndi chala, ndiye ndinati yauma. Phula lakale linali lochepa, lina litapita ndi mpeni, choncho ndinagula silikoni wa m'hadiweya, uja wonunkha ngati viniga yemwe amamatira masinki, n'kumuthira mozungulira mosaumira. Tinatseka, tinabwezera bampala, ndipo madzulowo galimoto inaoneka bwino kwambiri. Anzake a mnyamata anabwera kudzajambula.

Patangotha masiku atatu, galasi linachita chifunga mkati. Sanali madzi. Babu la H4 limadya mawati 55 kapena 60, ndipo mbali yaikulu ya mphamvu imeneyo imasanduka kutentha. Penti yosakhwima ndi silikoni uja zinayamba kutulutsa nthunzi, nthunziyo n'kukakhala pagalasi ngati mafuta. Ndinadziuza kuti zidzatha zokha. Mu tauni, momwe muli magetsi a m'masitolo ndi magalimoto ena, kusiyana kwake sikunkaoneka kwenikweni. Ndinayenda choncho miyezi ingapo, ndikunyamula ana a anthu.

Mu Juni, usiku wina cha m'ma 3 koloko, foni inalira. Mayi anali akubanika. Aliyense amene anayendapo msewu wa ku Thyolo nthawi ya chiperoni akudziwa mmene kumakhalira: si mvula, si mtambo, ndi chinthu chonyowa chomwe chimangokhala pamsewu osasuntha. Ukayatsa nyali zazitali umangoona khoma loyera, choncho umayenda ndi zazifupi. Nditadutsa Chigumula ndinazindikira kuti kumanja ndikuona mzere wapakati bwinobwino, koma kumanzere kuli ngati wina wapachikako bulangete.

Bamboyo sindinamuone. Ndinaona chigubu. Chinatulukira mwadzidzidzi pafupi ndi galasi lam'mbali, choyera, chomangidwa kumbuyo kwa njinga, ndipo ndinakhotetsa chiwongolero ndisanaganize n'komwe. Galimoto inapita mbali ya magalimoto obwera, mwamwayi kunalibe kanthu. Ndinaima patsogolo pang'ono, miyendo ikunjenjemera. Iye anafika akukankha njinga yake. Anali bambo wachikulire, atavala jekete lakuda ndi chipewa chaubweya, akulawirira ndi zigubu zake kumene ankapita.

“Pepani bambo, sindinakuoneni.”

“Ine ndinakuonani kalekale, achimwene,” anayankha. “Ndimayesa njinga yamoto.”

Sanakalipe. Anakwera njinga n'kulowanso m'chifunga. Mayi ndinakawatenga, tinafika kuchipatala, anathandizidwa, ndipo ali moyo mpaka lero. Koma pabenchi ya pachipatalapo, podikira kuti kuche, zomwe zinkazungulira m'mutu mwanga si za mayi zokha ayi.

Pali chinthu chimodzi chokhudza nyali zazifupi chomwe madalaivala ambiri sitichidziwa, ngakhale timachiona tsiku lililonse. Mukaimika galimoto moyang'ana khoma usiku, kuwala kwake sikukhala kozungulira ngati kwa tochi. Kumakhala ndi malire pamwamba. Mbali yakumanja malirewo ndi ogona, kuti musathobwe m'maso dalaivala amene akubwera. Mbali yakumanzere amakwera m'mwamba mopendekera. Ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, ngatinso ku Zambia, ku Mozambique ndi ku South Africa, ndiye nyali zawo zimatiyenera. Kukwera kumeneko anakupangira zikwangwani ndi munthu woyenda m'mphepete mwa msewu. Ndipo m'babu la H4 muli kachitsulo kobisa kansi kwa waya wa nyali yaifupi, kotero kuti kuwala kwake kumagunda chakumtunda kwa mbale, komwe kunali chigamba changa chija. Kuwonjezera apo, potsegula ndi potseka tinali titasuntha zomangira za mbaleyo, moti nyali inkayang'ana pansi, patsogolo pa tayala. Amene anaipanga ku Japan anamuganizira bambo wa zigubu uja asanamuone n'komwe. Ine ndinamufufuta ndi kansalu.

Ulendo wachiwiri unatenga masabata awiri. Silikoni safewa ndi kutentha, choncho katoni yathu sinathandize. Tinachita kumudula ndi lezala pang'onopang'ono, n'kumukokota mumsewe wonse ndi kamtengo, chifukwa phula latsopano siligwira pomwe patsala silikoni. Ndi pamene ndinamuonetsa mnyamata chigamba chija n'kumuuza kuti ndinachita ndine. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

“Ndinachiona tsiku lomwelo, ankolo. Ndimaopa kunena.”

Mbale yotere siikonzeka pakhomo. Penti yasiliva ya m'chitini imaoneka yowala m'maso koma imamwaza kuwala paliponse. Ndinapita ku Ndirande, komwe amaphwasula magalimoto a ngozi, n'kupeza nyali ya Sienta yosweka galasi koma mbale yake ili bwino, ndipo anandigulitsa motchipa chifukwa kwa iwo inali zinyalala. Tinaisamutsa titavala mapepala apulasitiki m'manja, osakhudza mkati ngakhale ndi mpweya wa pakamwa. Chimango chakuda tinachisiya padzuwa sabata yathunthu mpaka fungo la penti litatheratu. Galasi tinalitsuka mkati ndi madzi a sopo wa mbale, kungokhutchumula, osalowetsamo nsalu, n'kuliumitsa ndi chowumitsira chija. Ulendo uno tinapempha.

Phula la butyl ndinalipeza kwa anthu oika magalasi a galimoto, lokulungidwa ngati chingwe. Tinaliyala mumsewe mosadukiza, mfundo yake n'kuiika pansi, tinatenthetsanso m'katoni, n'kufinya mbali zonse ziwiri mpaka timano tonse titalowa m'malo mwake. Tili pa ntchito imeneyi m'pamene tinapeza chomwe chinayambitsa zonse. Nyali siitsekedwa ngati botolo. Kumbuyo kwake kuli timapaipi tarabala topindika, topumira, kuti mpweya wotentha uzituluka ndi chinyezi chake. Kamodzi kanali katatsekedwa ndi dothi la mavu, ndipo chivindikiro charabala cha kumbuyo kwa babu chinali chitang'ambika. Madzi ankalowa apo n'kusowa potulukira. Chikhala kuti ndinayang'ana kumeneko poyamba, mwina sitikanatsegula chilichonse.

Tinaithira madzi ndi ndowa kuchokera mbali zonse, mkati munakhala mouma. Usiku tinaimika galimoto pamalo osatsetsereka, mamita khumi kuchokera pakhoma la mpanda wa aneba. Mnyamata anayeza kutalika kwa babu kuchokera pansi, analemba mzere ndi choko pakhomapo, n'kulembanso wina masentimita khumi m'munsi mwake. Ine ndinkapotokola sikuluu yakumbuyo, iye akukuwa kuti kwezani, tsitsani, basi pomwepo. Kenaka anapita yekha kukaima kumanzere, m'mphepete, atavala juzi yake yakuda. Ndinakhala pampando wa dalaivala. Ndinamuona kuyambira kunsapato mpaka pachifuwa.

Nyali yakumanja sitinaitsegule. Ilibe vuto, ndipo ndinangoipukuta kunja. Choncho galimoto ili ndi diso limodzi lakuda m'mbali ndi lina loyera, ndipo akazi anga amati ikuoneka ngati munthu amene anamenyedwa ku bawo. Mnyamata anakhoza mayeso, pano akuphunzira zamagetsi a galimoto. Akabwera patchuthi amaizungulira, amagogoda galasi lakumanja ndi chala, n'kufunsa kuti linalo tipaka liti.