Mowa wowawa sufuna phuma

Ife a ku Chezi kuno, pamsewu wa Lilongwe-Salima, tidakulira masese, mowa wa chimera wowawasa, wokhutitsa, womwera m'chipanda mopatsirana. N'chifukwa chake ambiri akalawa lager wa hops wambiri, uja amafulula timakampani ting'onoting'ono ta ku Joni, amakwinya nkhope n'kumati waonongeka.

Ayi abale, sunaonongeke. Kuwawasa ndi kuwawa n'zosiyana. Hops ndi duwa la chomera choyanga chomwe amalima ku Germany komanso ku George, m'dziko la South Africa. Akaliwiritsa nthawi yaitali limapereka kuwawa, akalithira kumapeto limasiya kafungo ngati ka khungu la ndimu. Kenaka mowawo amausunga pozizira masabata angapo mpaka uyere. Carlsberg, yemwe adayamba kufululidwa ku Blantyre mu 1968, alinso ndi hops, koma kuwawa kwake n'kwapatali.

Ine chomwe ndimaukondera mowawu n'choti sulola phuma. Mukaugugudiza, pakhosi pamangotsala kuwawa kokhakokha. Mukaumwa pang'onopang'ono mumayamba mwamva kutsekemera kwa chimera, kuwawa kumadza pambuyo. Botolo limodzi limakwana madzulo onse.

Abambo anzanga, malangizo anga ali pamenepa, kaya mumamwa wam'botolo kaya masese. Tomato ndi fodya timalima movutikira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi muno. Ngati mukumwa osamva n'kukoma komwe, dziwani kuti mukungomeza ndalama ya feteleza ndi fizi ya ana. Imwani pang'ono, mumve kukoma, mukafike pakhomo miyendo idakali yanu.