Giya imasankhidwa pamwamba pa phiri

Tinali atatu, tonse a chaka chachitatu, aliyense ali ndi laisensi ya Code B m'thumba. Laisensi imeneyi imalola munthu kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500. Patchuthi chachitali tinagwirizana zoikweza kuti ifike pa C1, ya malole olemera mpaka makilogalamu 16,000. Chifukwa chake chinali fizi. Nthawi yokolola eni malole amafuna madalaivala otuta chimanga, soya ndi fodya, ndipo tinaona kuti ganyu wotereyu angatilipirire semesita yotsatira. Mmodzi wa ife anachita kugulitsa mbuzi ziwiri za amayi ake kuti apeze ndalama ya sukulu yoyendetsa.

Za ku Road Traffic tinazipirira: mizere, mayeso a malamulo a pamsewu, laisensi ya wophunzira. Kumeneko tinamvanso kuti wogwira ntchito yonyamula katundu amafunika chilolezo china cha PrDP, chimene sichiperekedwa munthu asanayezedwe kuchipatala. Koma zoyendetsa zenizenizo sizinatidetse nkhawa. Timati lole ndi galimoto yomweyo, yangokula thupi.

Aphunzitsi athu anali bambo achikulire amene anakhala zaka zambiri akuyendetsa mathiraki opita ku Beira ndi ku Dar es Salaam. Tsiku loyamba sanatilole n'kugwira chiwongolero komwe. Anatizungulitsa lole kuona matayala, magetsi ndi mafuta, kenako anatikhazika pampando kudikira kuti mpweya wa mabuleki udzaze m'mathanki. Anaimika mmodzi wa ife pafupi ndi chitseko cha kumanzere, n'kufunsa amene anali pachiwongolero ngati akumuona. Sanamuone. “Pamenepo ndi pamene pamakhala wakabaza, ana anga,” anatero.

Phunziro lalikulu linabwera sabata yachitatu, pamtsetse wina kunja kwa tauni. Mnzathu wa mbuzi uja anayamba kutsika ali m'giya yaikulu, monga timachitira pagalimoto yaing'ono. Lole itayamba kuthamanga, anayamba kuponda buleki n'kusiya, kuponda n'kusiya. Mpweya unatsika, belu lochenjeza linalira, ndipo kumunsi kunali amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Aphunzitsi sanakalipe. Anamuuza modekha kuti apondeko kamodzi molimba ndi kuika giya yaing'ono, mpaka lole inaima pambali. Tonse tinatsika miyendo ikunjenjemera.

Tili chiimire anatifotokozera. Buleki yopondaponda imamaliza mpweya, yoponda osasiya imatentha n'kusiya kugwira. Lole yodzaza katundu imatsika ndi injini, ndipo giya yake imasankhidwa munthu asanayambe kutsetsereka. Anatchula mtsetse wa ku Chikwawa ndi wa ku Chiweta, kumene woiwala zimenezi sapatsidwa mpata wachiwiri. Pomaliza anati lole imene tinali nayo tsikulo inalibe ngakhale thumba limodzi la chimanga.

Pamenepo ndi pamene tinazindikira chimene galimoto yaing'ono inatizoloweza. Imakhululuka. Ukachedwa kuganiza, buleki imakuwombola. Ukakhota molakwika, umakonza pomwepo. Ife tinkayesa kuti ndi luso lathu. Lole imafuna kuti uone patali, uyambe kuima malo oimira asanafike, ndiponso utsegule ngodya pokhota chifukwa matayala a kumbuyo sadutsa m'mene mwadutsa a kutsogolo.

Pamayeso awiri tinakhoza. Wachitatu anagunda chizindikiro pobwerera m'mbuyo, ndipo adzayesanso tchuthi chikubwerachi. Mnzathu wa mbuzi uja anali mmodzi mwa okhozawo, koma ganyu woyamba amene anapatsidwa, wotsitsa matumba a simenti kuchigwa cha Shire, anaukana. Anapempha kuyamba wapita kawiri monga wothandizira dalaivala wozolowera msewuwo. Mbuzi za amayi ake sanabwezebe, koma amayiwo akuti adikira.