Nthano Imene Inalekezera Panjira

Inu owerenga, mudziwa kuwawa kwa nthano yolekezera panjira. Agogo akagwidwa ndi tulo Kalulu ali m'kamwa mwa Mkango, ana sagona usiku umenewo. Ine ndiri mmodzi wa ana otere ngakhale imvi zayamba kundimera, ndipo nthano imene ndirikudikira mathero ace ndi masewera a pa kompyuta ochedwa Half-Life, opangidwa ndi kampani ya Valve ku Amereka.

Masewera amenewa ali m'gulu la aja owomberana mfuti, m'mene wosewera saona thupi la munthu amene alikumuyendetsa. Pa galasi la kompyuta aona manja ndi cida cokha, monga ngati maso a munthuyo ndi ace. Half-Life yoyamba inatuluka mu November 1998. M'menemo wosewera asanduka Gordon Freeman, katswiri wa sayansi wa pa malo obisika ochedwa Black Mesa, kumene nchito ina italakwika inatsegula khomo lolowerapo zirombo za ku dziko lina. Freeman salankhula liu ndi limodzi lomwe, kotero kuti wosewera amva ngati anthu onse a m'nthanoyo alikulankhula ndi iye mwini. Nci cifukwa cace masewerawa analowa anthu mumtima.

Mu May 2003, pa cionetsero ca E3 ku Los Angeles, a Valve anaonetsa Half-Life 2 nalonjeza kuti idzagulitsidwa pa 30 September caka comweco. Ena anagula zipangizo zatsopano za kompyuta pokonzekera tsikulo. Kutatsala sabata imodzi, kampaniyo inalengeza kuti tsiku lija lalephereka. Posacedwa kunamveka kuti mnyamata wina wa ku Germany analowa mwakuba m'makompyuta a Valve kudzera pa intaneti, ndipo nchito yosatha ija inamwazika pa dziko lonse. Aliyense anadzionera yekha kuti mphika unali usanapse. Masewerawo anatuluka pa 16 November 2004, ndipo anakoma kotero kuti ambiri anaiwala mkwiyo wao.

Ine ndinawasewera ku Lusaka pa kompyuta ya msuweni wanga, tikumasinthana mpando kufikira tambala woyamba. Gawo lowonjezera, Episode One, linabwera mu 2006, ndipo Episode Two inatsatira mu October 2007. Kumapeto kwa gawo limeneli mkulu wina wokondedwa, Eli Vance, aphedwa pamaso pa mwana wace wamkazi Alyx. Galasi lida, ndipo wosewera atsala akumva kulira kwa mtsikanayo. Msuweni wanga anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati tidzabwezera m'gawo lacitatu. Gawo limenelo, lomwe linali litalonjezedwa kale, silinabwere.

Zaka zinapita. Osewera a m'maiko ambiri anali kufufuza cizindikiro ciri conse, ndipo mphekesera iri yonse inkautsa mitima monga mtambo wa mu October umene ukopa mlimi koma osagwetsa dontho. Mu 2017 Marc Laidlaw, mlembi wa nthanoyi, amene anali atacoka kale pa kampaniyo, anafalitsa kalata yofotokoza mwacidule m'mene nkhani ikanathera, atasintha maina a anthu. Mu March 2020 kunatuluka Half-Life: Alyx, koma inafuna magalasi apadera obvala kumaso, a mtengo wapatali, amene ambiri a ife sitinawakwanitse. Mu November 2024, pokumbukira zaka 20 za Half-Life 2, mwini kampaniyo Gabe Newell anafotokoza poyera kuti iye sanapeze cinthu catsopano cokwanira kumangirapo gawo lacitatu, ndipo sanafune kulipanga pofuna kungotseka nkhani cabe.

Mau amenewo ndinawalandira bwino, cifukwa ndidziwa cimene cinaonekera anzathu amene anadikira masewera ena ochedwa Duke Nukem Forever. Masewerawo analengezedwa mu 1997, ndipo eni ace, a 3D Realms, anali kuyankha kuti adzatuluka akadzatha. Anaphwasula nchito yao ndi kuyambanso kangapo pofuna kulingana ndi makina atsopano, kufikira ndalama zinawathera mu 2009. Kampani ina, Gearbox, ndiyo inamaliza, ndipo masewerawo anatuluka mu June 2011, patapita zaka 14. Amene anayamba kudikira ali anyamata anawagula ali ndi ana, napeza cinthu cakale, ca nthabwala zozizira. Akulu anati walira mvula walira matope.

Tsono mtima wanga uli pawiri. Ndifunitsitsa kudziwa mathero a Freeman, komanso ndiopa kuti tsiku limene ndidzawaone adzacepa poyerekeza ndi amene ndakhala ndirikuwaumba m'mutu zaka zonsezi. Munthu akadikira nthawi yaitali, ciyembekezo cace cikula kuposa cimene manja a anthu angathe kupanga.

Kwa inu makolo amene ana anu alikuwerenga masiku podikira masewera atsopano a pa foni kapena pa kompyuta, ndikupemphani kuti musawaseke, pakuti njala ya nthano iri mwa ife tonse. Koma muwalangize zinthu ziwiri. Coyamba, tsiku lolengezedwa ndi kampani ndi lonjezo cabe, ndipo lingasinthe monga linasinthira mu 2003. Caciwiri, asapereke ndalama pa cinthu cimene sicinatuluke, ngakhale ogulitsa awanyengerere motani. Ine mwini, gawo lacitatu likadzafika, ndidzayamba ndafunsa amene alisewera kale ndisanatulutse ndalama m'thumba.