Giza ya malaiti kapena ya dzuwa?

Nyumba yatsopano mu Matero nthawi zambiri siikhala pa ploti yatsopano. Imakhala zipinda ziwiri kapena zitatu kuseri kwa nyumba ya makolo, zomangidwa pang'onopang'ono malipiro akabwera. Yathu yafika pokhoma malata, ndipo mkangano watsala umodzi: madzi osamba tizitenthetsa ndi chiyani?

Kumayiko ozizira funsoli ndi lalikulu. Ku Copenhagen pafupifupi nyumba zonse zimalandira madzi otentha m'mapaipi a mzinda wonse, pamene kwina munthu amagula makina akeake. Ifenso funso ndi lomwelo, kungoti paipi yathu ya onse ndi waya wa ZESCO.

Giza ya malaiti ndi yotchipa pogula, ndipo pulambala aliyense amaidziwa. Koma elementi yake imadya mayuniti awiri kapena atatu pa ola limodzi, ndipo mita siyimva kuti mwezi wafika pakati. Kuposa apo, tonse tikukumbukira 2024. Mvula inakana, boma linalengeza mu February kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika September malaiti anali kubwera maola atatu chabe pa tsiku m'malo ambiri. Magetsi ochuluka a dziko lino amachokera ku madzi. Ndiye amene anali ndi giza ndi amene analibe, onse anabwerera pa mbaula, malasha nawo n'kukwera mtengo.

Giza ya dzuwa ilibe nazo ntchito za Kariba. Machubu agalasi amagwira kutentha, madzi otentha amakwera okha kulowa mu tanki, popanda pampu. Chosangalatsa n'chakuti June ndi July, pamene mphepo imaluma kuno ku Lusaka, mvula kulibe ndipo dzuwa limawala masiku ambiri. Ba mayi athu, amene mawondo awo safunanso madzi ozizira, akhoza kusamba madzulo popanda wina kukupiza mbaula. (Za kugona ndi mbaula m'chipinda chotseka tisayambe n'komwe, timazinena pa wailesi chaka chilichonse: mpweya wake umapha osanunkha.)

Manje apa ndi pamene ogulitsa amafulumira kulankhula. Malita 150 a madzi ndi makilo 150, osawerengera tanki yakeyo. Mitengo ya denga imene kalipentala anaiyeza kuti inyamule malata chabe siingasenze zimenezo, ndiye nkhaniyi iyenera kutha asanakhome msomali. Chachiwiri, giza ili pamwamba imafuna madzi okwera okha. Pompi ikamatulutsa madzi usiku chabe, kapena mofooka, machubu amakhala pa dzuwa opanda kanthu, ndipo madzi ozizira akalowa mwadzidzidzi galasi limatha kusweka. Palinso laimu wa m'madzi a m'maboholo a Lusaka. Yang'anani mkati mwa ketulo yanu, zoyerazo zidzalowanso mu giza, kaya ya dzuwa kaya ya malaiti.

Ife tasankha ya dzuwa, yokhala ndi elementi ya masiku a mitambo. Koma sitigula chaka chino. Ndalama ya chilimba ikubwerayi ipita ku sitandi yachitsulo ndi tanki yosungira madzi, ndipo pulambala asiya mapaipi awiri otseka pakhoma la bafa. Mpaka July wamawa, ba mayi azitenthetserabe mu poto.