Njila ya Pacipale Ili ndi Eni Ake

Pamene inu mukonza minda ndi kuyang'ana mitambo m'mwezi wa November, anthu a ku Norway nawonso amayang'ana kumwamba, koma iwo amayembekeza cipale cofewa. Cikagwa ndi kuphimba dziko, amamanga kumapazi timatabwa tiwili tatitali tochedwa ski, natenga ndodo ziwili m'manja, ndi kuyamba kutsetseleka m'nkhalango mitunda yaitali. Ine ndinaphunzila masewela amenewa pamene ndinali kukhala m'dzikomo, ndipo lelo ndifuna kukusimbilani za eni ake a njila zimene tinali kuyendamo.

Kukonzekela kumayamba cipale cisanagwe. M'miyezi yofunda othamanga amalimbitsa thupi pa mseu wa tala ndi ski za mawilo. Kumalo ena, monga Beitostølen ku Norway ndi Östersund ku Sweden, amaunjika cipale ca nyengo yatha ndi kucikwilila ndi utuci wa matabwa kuti cisasungunuke conse, ndipo nthawi ikakwana amaciyala m'njila ndi makina. Kufulumila konseku kuli ndi cifukwa cake. Mu March kumakhala mpikisano wa Birkebeiner, umene unayamba mu 1932. Ulendo wake ndi wa makilomita 54 kucokela ku Rena kufika ku Lillehammer, ndipo wothamanga amabeleka cikwama ca makilogalamu 3.5, pokumbukila ankhondo amene anapulumutsa mwana wa mfumu, Håkon Håkonsson, mu 1206. Munthu amene ataya masabata oyamba amakaona zakuda pa mapili amenewo.

Tsiku lina m'mawa, pafupi ndi Sjusjøen, ine ndi mkulu wina wa kumeneko tinali pa liwilo pamene tinapeza elg yaikazi itaima pakati pa njila ndi mwana wake. Elg ndi nyama yaikulu ngati nsefu, ya miyendo yaitali, ndipo yamphongo imatha kupitilila makilogalamu 500. Itationa inagoneka makutu kumbuyo, ndipo ubweya wa pakhosi pake unaimilila. Mkuluyo anakweza ndodo osanena kanthu. Tinabwelela cam'mbuyo pang'onopang'ono ndi kukaima kuseli kwa mitengo. Tinayembekeza kufikila thukuta linatizizila m'thupi, ndipo nyamazo zitalowa m'thengo mwa kufuna kwao, nchito ya m'mawa umenewo inali itathela pomwepo.

Pobwelela mkuluyo anandifotokozela kuti sitinaime cifukwa ca ziboda zokha, ngakhale kuti elg ya mwana imaponda munthu ikaopsezedwa. Nyengo ya cisanu ndiyo njala ya nyama za kumeneko, monga momwe January ndi February amapezela nkhokwe zitapepuka. Udzu umakhala pansi pa cipale. Elg imadya nsonga za paini ndi za mitengo ina, ndipo imadalila mafuta amene inasunga m'miyezi yofunda. Kuyenda m'cipale cakuya kumaitopetsa, ndiye cifukwa cake imakonda njila zopondeleza zimene anthu amakonzela ski. Munthu akaithamangitsa, imataya mafuta amene sidzawabwezanso kufikila masamba ataphuka, ndipo woyamba kufooka ndi mwana. Cimodzimodzinso mphalapala za kuthengo za ku Hardangervidda, zimene zimafukula ndele pansi pa cipale ndi ziboda zao: munthu mmodzi wa ski akaziyandikila, gulu lonse limasiya kudya ndi kuthawa.

Lamulo la ku Norway la mu 1957 limalola aliyense kuyenda m'nkhalango ndi m'mapili, ngakhale pa malo a munthu wina, koma limafunanso kuti woyendayo ayende mosamala ndi mwaulemu. Ine ndiona kuti ulemu umenewu uyenela kufika ndi kwa nyama zomwe. Wothamanga akataya tsiku limodzi adzalibweza mawa, pakuti madzulo amakalowa m'nyumba yofunda ndi kupeza cakudya pa moto. Elg imagona panja mpaka cisanu citatha. Akulu anati mlendo ndi mame. M'nkhalango ya cipale mlendoyo ndi munthu wa ski, ndipo mlendo wa mwambo amapatukila mwini mudzi.