Sukulu yanga yoyamba inali mchenga wa ku Ngala

Mphepo yamphamvu ya kuno ku Cape Town imachokera kumwera chakum'mawa, komwe kumachokeranso mwera kwathu. Eni dziko amaitcha Cape Doctor, ati imasesa utsi mumzinda. Kuno imabwera nthawi yotentha, pamene mwera wa ku Nkhotakota ndi wa mu Juni ndi Julaye, anthu atafunda zitenje. Komabe ikangoyamba kuliza malata a kanyumba kathu ku Imizamo Yethu, kumtunda kwa Hout Bay, ine tulo timabalalika. Ndimangoona mabwato atawakokera kumtunda ku Ngala, asodzi ali pamthunzi kusoka chilimira, mathandala ali mbee opanda usipa.

Masiku oterowo ndiwo anali a sukulu yanga yoyamba. Amayi, popeza panalibe nsomba zoyanika, ankanditsogoza kugombe, n'kuthyola kamtengo ka chinangwa, n'kulemba pamchenga wonyowa: a, e, i, o, u. Ndikachedwa kutchula, funde linkabwera n'kufufuta, iwo n'kuseka. "Waona? Nyanja siidikira mwana waulesi." Iwo analekeza Sitandade 4, koma pofika mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ine n'kuti nditayamba kale kuwerenga modukizadukiza Buku Lopatulika la m'nyumba. Chaka chimenecho ana a pulayimale m'dziko lonse anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo kuchulukako ndinakuona ndi maso angawa. Tinkakhala pansi pa mtengo, aphunzitsi amodzi, ife osawerengeka. Mvula ikangodontha, basi taweruka. Anzanga ena anafika Sitandade 3 asanadziwe kulemba dzina lawo. Si kuti ndinkawaposa nzeru ayi. Iwo analibe wowalembera pamchenga.

Zotsalazo anandiphunzitsa ndi agogo aamuna: kusiyanitsa mtambo wa nkhungu ndi wa mvula ukadali pakati pa nyanja, nyengo imene mpasa amakwera mtsinje wa Bua, mfundo yomwe siimasuka ukonde ukalemera. Za kondowole sindiyamba n'komwe, ndingalire. Ufa wake umafika kuno ndi mabasi, koma umakhala utataya fungo la kwathu panjira.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Lero ndimasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Constantia. Nditangoyamba ntchito ndinadabwa kuona ana a pakhomopo ali patebulo ndi mabuku nthawi ya sukulu, tsiku ndi tsiku. Ndinkayesa anawachotsa sukulu. Adona ndiwo anandimasulira kuti amawaphunzitsa okha, ndipo boma likudziwa. Anandiuzanso kuti kale sizinali choncho: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 bambo ndi mayi ena anatsekeredwa m'ndende m'dziko muno chifukwa chophunzitsa ana awo panyumba. Khomo linatseguka ndi lamulo la sukulu la 1996, lomwe gawo lake la 51 limalola kholo kukalembetsa mwana kuti aziphunzirira kunyumba. Kuchokera mu 1998 kuli bungwe la Pestalozzi Trust, limene makolo otere amasonkhako ndalama kuti mnzawo akapezeka kukhoti pakhale womuyimira.

Ndinamva ngati nkhani ya anthu olemera, mpaka itandigwera. Mwana wathu wamkazi atakwana zaka zoyamba sukulu, tinayenda masukulu atatu, onse yankho limodzi: malo adzaza. Lamulo silinatitsekere ayi, pajatu khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula mu Disembala 2019 kuti mwana asabwezedwe pasukulu chifukwa chosowa mapepala. Koma chigamulo si desiki. Mayi a kunyumba, omwe ali ndi MSCE yawo, anati sangaonerere mwana akukula ngati therere la kutchire. Adona anatipatsa mabuku omwe ana awo anamaliza, natithandiza kulemba mafomu. Sukulu yathu tsopano ndi bokosi la tomato lovundikira, pakati pa bedi ndi chitseko.

Ndiye mu Seputembala 2024, pa 13, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasayina lamulo lotchedwa BELA. Kalasi ya ana aang'ono yotchedwa Grade R inakhala yokakamiza, ndipo chilango cha kholo lolepheretsa mwana kuphunzira chinakwera kuchoka pa miyezi 6 kufika miyezi 12 ya ndende. Wophunzitsa kunyumba ayenera kulembetsa, mwana wake n'kumayesedwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo akamaliza gawo lililonse la maphunziro. Pali kabwino kamodzi: ukapempha, boma n'kukhala chete masiku 60, ndiye kuti lavomera. Adona anakwiya nalo lamuloli, ati boma lalowa mpaka kukhitchini. Ine ndinangoti, "Zoona, adona," ndikupitiriza kudulira maluwa, koma mumtima ndinali pawiri.

Mbali imodzi ndili nawo. Mwana ndi wa kholo asanakhale wa boma, ndipo ife a ku Nkhotakota nkhani imeneyi sitiyimva kwa azungu. Chisilamu chinazika mizu kwathu kuyambira nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, m'ma 1840. Amishoni a Anglican atafika m'ma 1890 n'kutsegula masukulu, makolo ambiri achisilamu anakana kutumizako ana poopa kuti akawabatiza. Ankawaphunzitsa kumadrasa ndi pakhonde. Anthu amati makolo aja anachedwetsa ana awo, ndipo n'zoona kuti ntchito za ukalaliki zinapita kwa ana a mishoni. Koma ndani angaime pamaso pa gogo wotero n'kumuuza kuti analibe ufulu wokana? Vuto linali lakuti sukulu inalipo ya mtundu umodzi, ndipo mtengo wake unali chikhulupiriro cha mwana. Ngakhale chikalata cha ufulu wa anthu cha United Nations cha 1948 chimaika kholo patsogolo posankha maphunziro a mwana wake.

Mbali inayo imandiluma ndikakumbukira nyali za usiku panyanja. Ndikudziwa anyamata a msinkhu wanga omwe makolo awo ankati, "Akuphunzira ntchito kwa atsibweni ake," chonsecho mwana akukapa madzi m'boti usiku wonse, m'mawa n'kugona pamchenga. Ena ankagulitsa nzimbe m'mbali mwa msewu wa M5 cha ku Dwangwa. Lero sangathe kuwerenga uthenga wa pafoni woti ndalama zalowa. Lamulo la maphunziro la Malawi la 2013 linati pulayimale ndi yokakamiza, ndipo m'madera ambiri mafumu amalipitsa nkhuku kapena mbuzi kholo losunga mwana pakhomo. Sindiwada mafumuwo. Zilango zoterezi zikanakhalapo kale, anzanga aja bwenzi akulemba okha makalata.

Chomwe ndikukana n'kuika amayi anga ndi atsibweni aja m'dengu limodzi. Onse mwana ali pakhomo, inde, koma wina akumupatsa, wina akumudyera. Kuwasiyanitsa sikufuna galimoto ya boma kapena mafomu a masamba khumi. A mfumu aitane mwanayo pabwalo, aphunzitsi amupatse buku la msinkhu wake ndi masamu awiri atatu. Akawerenga, kholo lisiyidwe, ndipo lamulo linene mosabisa kuti kholo lotero silinalakwe, kuti mawa wina asadzaliopseze ndi mbuzi. Akalephera, pamenepo mlandu ulipo. Za mtundu wa mabuku, maola, chinenero ndi pemphero, zimenezo n'za pakhomo.

Chinenerocho ndicho chimandisunga pa nkhaniyi kuposa zonse. Mwana wathu anabadwira kuno. Panja amasewera m'Chixhosa, mabuku ake ndi a Chingerezi, ndipo nyanja imene amaidziwa ndi yamchere, yozizira ngati ayezi, yotulutsa nsomba yotchedwa snoek. Ndikamuuza kuti kwathu madzi a m'nyanja timachapira, kusamba, ngakhale kuphikira, amandiyang'ana ngati ndikunama. Palibe sukulu ya kuno imene ingamuphunzitse kulonjera agogo ake atagwada. Ndimaopa kudzatsika naye basi pa Ngala ali mlendo, anthu n'kumanong'onezana kuti mwana wa mtchona uja ndi ameneyu.

Choncho Lamlungu masana, mphepo ikaleka, timatsikira kugombe la Hout Bay. Ndimatola kamtengo, n'kulemba pamchenga wonyowa mayina a nsomba za kwathu. Usipa, utaka ndi chambo amawerenga funde lisanafike. Sabata ino tili pa kampango.