Chingwe chimodzi pa nthawi imodzi

Wailesi yolankhulira imapsa mwakachetechete. Ukadina batani la maikolofoni pamene chingwe cha mlongoti chili chomasula, mphamvu ya mawati 100 imasowa kolowera, imabwerera m'bokosi, ndipo matransisita omalizira amatentha. Mawailesi atsopano amadzitsitsira okha mphamvu zikatero, koma akale, amene ambirife timagula kwa anzathu, alibe chifundo chotere.

Izi anandiphunzitsa ndi amalume, amene makolo awo anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya fodya m'mapulazi a ku Banket. Pa nkhondo ya m'ma 1970, pulazi la Altena ku Centenary litaukiridwa mu December 1972, azungu a m'mapulazi a ku Mashonaland anadalira kwambiri wailesi ya Agric-Alert. Inali yoteteza bwana, osati ife a m'komboni, komabe wokwera mlongoti ndi kumanga zingwe anali amalume. Luso limenelo analibisa ngati mbewu, mpaka anadzandipatsa ine mphwawo.

Lero ndili ndi chiphaso cha POTRAZ, ndipo dzina langa la pa wailesi limayamba ndi Z2 monga la aliyense wa kuno. Patebulo panga pali zinthu zitatu zolimbirana chingwe chimodzi: mlongoti, dummy load ya ma ohm 50 imene imameza mphamvu n'kuisandutsa kutentha, ndi analyzer yoyezera mlongoti. Kachipangizo kotsirizaka kamatulutsa mphamvu yochepetsetsa, ndipo mawati 100 akakalowa kamafa nthawi yomweyo.

Anzanga ena amalumikiza zonsezi pa switchi imodzi kuti asamavutike. Ine ayi. Switchi yotsika mtengo imadonthetsa mphamvu ku khomo limene sunasankhe, komanso dzanja lotopa usiku limapotoza molakwika. Pa switchi yanga pali mlongoti ndi dummy load basi, ndipo ndikamaliza kulankhula ndimaisiya pa dummy load. Ndikafuna kuyeza, ndimazimitsa wailesi, ndimazula maikolofoni, kenako ndimamasula chingwe ndi manja n'kuchimanga pa analyzer. Zimachedwetsa, inde.

Mvula ikayamba mu November pamabwera china. Waya wautali umasonkhanitsa magetsi a m'mlengalenga ngakhale mphezi ili kutali, choncho ndisanayeze ndimagunditsa nsonga ya chingwe pa waya wopita m'nthaka. Matransisita akapsa, ena ndimachita kuitanitsa ku Johannesburg, kulipira madola, n'kudikira milungu ingapo wailesi ili chete.